Owerenga Afunsa: Anamanga Mapiramidi a ku Egypt Ndani, Nanga Miyala Ija Anaikweza Bwanji?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za mapiramidi a ku Egypt. Ena achokera kwa amisiri, ena kwa anthu a m'mipingo, ndipo angapo akutsutsana okhaokha. Tasankhapo asanu ndi imodzi.

FUNSO: Akonzi, ndine mmisiri womanga nyumba. Pasayiti pathu takhala tikukangana. Mnzanga akuti munthu wopanda kireni sangakweze mwala wa matani awiri mpaka pamwamba pa piramidi, ndiye kuti pali china chimene akutibisira. Ine ndikuti n'zotheka, koma akandifunsa manambala ndimasowa chonena. — Mmisiri, Chawama

YANKHO: Bambo, manambala alipo, ndipo akugwirizana ndi inu. Titenge piramidi yaikulu kuposa onse, ya mfumu Khufu ku Giza, imene inamalizidwa cha m'ma 2560 BC. Itangomangidwa inali yotalika mamita 146.6. Lero yatsala pafupifupi 138 chifukwa nsonga yake ndi miyala yakunja zinachoka. Findeco House ya mu Cairo Road ku Lusaka ndi ya mamita pafupifupi 90, ndiye mutha kuona nokha kusiyana kwake. Pansi pake mbali iliyonse ndi mamita 230. Muli miyala pafupifupi 2.3 miliyoni, ndipo mukaiphatikiza n'kugawa, mwala umodzi umalemera matani awiri ndi theka.

Gawani miyala imeneyi ndi zaka 20 zimene amati ntchitoyo inatenga. Mupeza miyala 315 patsiku, kutanthauza mwala umodzi pa mphindi ziwiri zilizonse ngati ankagwira maola 10. Mnzanuyo akamva zimenezi adzati wapambana. Mumukumbutse kuti silinali gulu limodzi. Gulu la amuna 20 likamafikitsa miyala itatu yokha patsiku, pamafunika magulu 105, amene ndi amuna 2,100. Dziko la Egypt silikanasowa anthu amenewo.

Chachiwiri chimene ambiri sachiganizira ndi maonekedwe a piramidi. Miyala yochuluka ili m'munsi. Mukafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake, cha pa mamita 49, mwaika kale 70 peresenti ya miyala yonse. Mukafika pakati, mwaika 87.5 peresenti. Miyala imene inafika pamwamba penipeni ndi yochepa, komanso ndi yaing'ono: mzere woyamba pansi ndi wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, pomwe mizere yakumwamba imangopitirira pang'ono theka la mita. Ndipo miyala yambiri sinachokere kutali. Anaigoba pomwepo, kumwera kwa piramidiyo, mtunda wa mamita mazana ochepa. Maenje ake alipobe.

Ankaikoka pa chileyi, chija chamatabwa chopanda mateyala. M'manda a mkulu wina dzina lake Djehutihotep ku Deir el-Bersha, a cha m'ma 1900 BC, munajambulidwa amuna 172 akukoka chifaniziro chamwala chimene akatswiri amati chinali cha matani 58, ndipo kutsogolo kwa chileyicho kwaima munthu akuthira madzi pansi. Kwa nthawi yaitali ena ankati unali mwambo chabe. Mu 2014 asayansi a ku University of Amsterdam anayesa ndipo anapeza kuti mchenga wonyowa bwino umachepetsa mphamvu yokokera mpaka theka. Mchenga wouma umaunjikana kutsogolo kwa chileyi n'kuchitchinga. Wonyowa pang'ono umagwirana n'kulimba. Madzi akachuluka umasanduka phala, chileyi n'kumira, ntchito n'kukula kuposa poyamba. Wothira madzi uja anali mmisiri payekha. Gawaninso matani 58 ndi amuna 172: aliyense akukoka makilogalamu pafupifupi 340. Pamenepo mwala wa matani awiri ndi theka ukufuna amuna 8 pamalo athyathyathya. Pokwera mtunda m'pamene pamafunika 20.

Pamene akatswiri akukanganabe mpaka lero ndi pa maonekedwe a chitunda chokwezerapo miyala. Chitunda chimodzi chowongoka, chokwera mita imodzi pa mamita 10 alionse, chikanatalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka kuti chifike pansonga, ndipo chikanadya dothi ndi miyala yochuluka ngati ya piramidi ina. Chitunda chozungulira piramidi chimadya zochepa, koma chimaphimba makona, pomwe mmisiri amayang'ana kuti aone ngati khoma likuwongoka, komanso kukhota ndi chileyi pakona n'kovuta chifukwa okoka amasowa poima. Ife tikuona kuti anaphatikiza njira: chitunda chachikulu chowongoka cha gawo lam'munsi lija, timisewu tokhotakhota totsamira pakhoma cha kumwamba, kenako migwala yamitengo yonyamulira ndi kusendeza miyala yomaliza. Zotsalira za zitunda zapezeka pa mapiramidi angapo, ndipo mu 2018 ku mgodi wa miyala wa Hatnub kunapezeka chitunda cha m'nthawi ya Khufu chotsetsereka kwambiri, chokwera mita imodzi pa mamita asanu, chokhala ndi masitepe mbali zonse ziwiri ndi maenje oimikamo nsanamira zokulungapo zingwe. Ena ankakoka ali kumtunda, ena ali kumunsi, ndipo nsanamirazo zinkagwira mwala kuti usabwerere.

FUNSO: Kumpingo kwathu tinaphunzira kuti ana a Israeli anazunzika ku Egypt pomanga. Kodi si iwo amene anamanga mapiramidi? Mwana wanga akuti kusukulu anamva zosiyana. — Mayi, Matero

YANKHO: Mayi, mwana wanu wamva zoona, ndipo Baibulo silikutsutsana naye. Werengani Eksodo 1:11. Akuti anamangira Farao mizinda yosungiramo zinthu, Pithom ndi Rameses. Mu chaputala 5 ntchito yawo ndi youmba njerwa zadothi zosakaniza ndi udzu. Piramidi satchulidwa paliponse. Mapiramidi a ku Giza ndi amwala, ndipo mzinda wa Pi-Ramesses unakula m'nthawi ya Ramesses II, amene analamulira kuyambira 1279 mpaka 1213 BC. Pamenepo piramidi ya Khufu inali itaima kale zaka zoposa 1,200. Nkhani ina imene imamveka, yoti mapiramidi anali nkhokwe za Yosefe, nayonso siyenda: mkati mwake ndi mwala wokhawokha, ndi tizipinda tochepa ndi tinjira topapatiza.

Chithunzi cha khamu losawerengeka chinachokera makamaka kwa Herodotus, Mgiriki amene anafika ku Egypt cha m'ma 450 BC. Iye analemba kuti ankagwira anthu 100,000 nthawi imodzi, kusinthana miyezi itatu iliyonse, kwa zaka 20. Komatu analemba zimene anamuuza patapita zaka 2,000 ntchito itatha. Akatswiri a lero amawerengera anthu 20,000 mpaka 30,000, kuphatikiza ophika, oyendetsa mabwato ndi osula zida.

Anthu amenewa tikuwadziwa chifukwa mudzi wawo ndi manda awo zinapezeka. Kuyambira 1988 katswiri wofukula zakale Mark Lehner ndi gulu lake afukula malo otchedwa Heit el-Ghurab, kumwera kwa Sphinx, chifaniziro chachikulu chamwala cha ku Giza. Apezamo nyumba zazitali zogonamo anthu ambiri, nkhokwe, mophikira buledi ndi miphika yake yolemera yooneka ngati belu, mitsuko ya mowa, ndi mafupa ochuluka a ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nsomba. Ng'ombe zambiri zinali zamphongo zazing'ono, nyama yabwino, yochita kubwera nayo kuchokera m'madera ena. Mu 1990 hatchi inapunthwa pa khoma lanjerwa lokwiririka mumchenga chakumtunda kwa mudziwo, ndipo katswiri wina, Zahi Hawass, atafukula anapeza manda a antchito. Muli amuna ndi akazi, oikidwa ndi mitsuko ya buledi ndi mowa, pafupi ndi manda a mfumu yawo. Pa manda ena panalembedwa maudindo, monga woyang'anira mbali ya piramidi.

Apa tikupempha kuti tisapitirire malire, chifukwa ena akamva zimenezi amayamba kunena ngati anthuwa ankagwira mosangalala ndi mwakufuna kwawo. Mafupa awo akunena zina. Misana yambiri inatha ndi katundu, mawondo anaphwanyika, ndipo ambiri ankamwalira ali ndi zaka za m'ma 30. Alipo othyoka manja ndi miyendo amene mafupa awo analumikizika bwino, ngakhalenso odulidwa chiwalo amene anakhalabe ndi moyo pambuyo pake, kusonyeza kuti osamalira ovulala analipo. Amisiri enieni, osema ndi oyeza, ankakhala pantchitopo chaka chonse. Okoka miyala ambiri anali alimi otengedwa m'midzi mosinthanasinthana, ngati msonkho wolipira ndi thukuta. Agogo athu amene anaona thangata ndi chibalo akanaizindikira ntchito yotere. Sanali akapolo ogulidwa ndi kumangidwa maunyolo, komanso mfumu ikaitana panalibe wokana.

FUNSO: Ndinagwira ntchito kumigodi ku Copperbelt ndisanabwere kuno. Mkuwa ndimaudziwa, ndi wofewa. Mukufuna kundiuza kuti tchizulo yamkuwa ingadule granite? Zimenezo ayi. — Bambo wopuma pantchito, Kanyama

YANKHO: Bambo, mwanena zoona, tchizulo yamkuwa singadule granite, ndipo palibe katswiri amene amanena zimenezo. Koma piramidi ya Khufu pafupifupi yonse ndi ya mwala wa laimu, wofanana ndi umene amaphwanya popanga simenti ku Chilanga, ndipo wa ku Giza ndi wofewa ndithu. Umenewo mkuwa umaudula. Mkuwa wawo unali wosakanikirana pang'ono ndi chinthu chotchedwa arsenic, chimene chimaulimbitsa, komanso ankausula wozizira kuti nsonga iume. Ngakhale zinali choncho tchizulo inkabuntha msanga, moti pambali pa ogoba pankakhala anthu ongonola ndi kusula. Ogobawo ankakumba ngalande zopapatiza kuzungulira mwala mbali zonse, zokwanira munthu kugwada, kenako n'kuutsekula pansi ndi migwala motsatira mizere yachilengedwe ya thanthwelo. Mkuwawo ankakautenga ku Sinai ndi m'chipululu cha kum'mawa.

Granite anaigwiritsa ntchito m'malo ochepa, makamaka m'chipinda cha mfumu, chimene chili mamita pafupifupi 43 kuchokera pansi. Inachokera ku Aswan, makilomita oposa 800 kumwera, pa mabwato. Kumeneko sankadula, ankasinja. Ankatenga mibulu ya mwala wolimba kwambiri wotchedwa dolerite, ya makilogalamu anayi kapena asanu, n'kumaigwetsa pa granite mpaka inyenyeke kukhala fumbi, kusesa, n'kuyambiranso. Ku Aswan kuli chipilala chachitali mamita 42 cha m'nthawi ya pambuyo pake, chimene chinang'aluka asanachimalize n'kusiyidwa m'thanthwe momwemo. M'mbali mwake mukuonekabe timaenje tozungulira tosiyidwa ndi mibulu ija, ndipo mibulu yake ili mbwee pamalopo.

Pocheka ndi poboola m'pamene mkuwa unkalowa, koma wodula weniweni anali mchenga. Sowo yake inali yopanda mano. Ankathira mchenga mumzere, sowo n'kumaukhuthiza uku ndi uku, ndipo timiyala ta quartz ta mumchengamo, timene ndi tolimba kuposa zambiri za mu granite, tinkadya mwalawo. Poboola ankagwiritsa ntchito paipi yamkuwa yozunguzidwa ndi uta. Ntchito yake ndi yochedwa, mamilimita ochepa pa ola, ndipo mkuwa umatha kwambiri. Bokosi la granite la m'chipinda cha Khufu lili ndi zipsera za sowo, ndipo pena pakuoneka pomwe sowo inapatuka, ocheka n'kuibweza kuti ayambenso. Denga la chipindacho ndi mitanda 9 ya granite, ndipo mitanda ya m'chigawo chimenechi imalemera matani 25 mpaka 80. Pamwamba pake anasiya tizipinda tisanu topepukitsa katundu. Ngakhale anachita zonsezi, mitandayo inang'aluka, ndipo m'ming'alu ina muli pulasitala wakale.

FUNSO: Ndaonera mavidiyo ambiri pa TikTok ndi pa Facebook onena kuti mapiramidi anamangidwa ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, kapena mtundu wina umene unatha. Akuti anthu a ku Egypt sanalembe chilichonse chokhudza ntchitoyi, ndipo luso lake linangobwera mwadzidzidzi. — Wophunzira, Kalingalinga

YANKHO: Mfundo zonse ziwiri n'zabodza. Mu 2013 katswiri wofukula zakale Pierre Tallet ndi gulu lake anapeza mipukutu ya gumbwa ku Wadi al-Jarf, doko lakale la pa Red Sea. Ndi mipukutu yolembedwa yakale kwambiri imene yapezeka ku Egypt. Ina mwa iyo ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku wa kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankatsogolera amuna pafupifupi 40 chakumapeto kwa ulamuliro wa Khufu. Iye analemba za kupakira miyala yoyera ku Tura, kutsidya kwa Nile, kuyenda nayo pabwato, kugona panjira padziwe lotchedwa She-Khufu, ndi kukaitsitsa ku Akhet-Khufu, lomwe ndi dzina la piramidiyo. Ankayenda maulendo awiri kapena atatu pa masiku 10 alionse, m'nyengo imene Nile ankasefukira n'kufikitsa madzi pafupi ndi Giza kudzera m'ngalande. Anatchulanso bwana wake, Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu. Miyala ya ku Tura ndi imene inakuta piramidi kunja. Yambiri inakanganulidwa pambuyo pake kukamangira mzinda wa Cairo, koma pansonga ya piramidi ya Khafre, mwana wa Khufu, yatsalapobe.

M'tizipinda tisanu tija ta pamwamba pa chipinda cha mfumu, tinayi mwa ito tinatsegulidwa ndi Howard Vyse mu 1837, ndipo munapezeka zolemba za utoto wofiira, mayina a magulu a antchito, monga Abwenzi a Khufu. Ena amati Vyse anazilemba yekha. Koma zina n'zozondoka, zina zikulowa m'mipata ya miyala momwe dzanja silingafike, chifukwa zinalembedwa kumgodi miyalayo isanaikidwe.

Zoti luso linabwera mwadzidzidzi zimagwa mukayenda kumwera kwa Giza. Ku Saqqara kuli piramidi ya masitepe 6 ya mfumu Djoser, ya cha m'ma 2670 BC, imene inayamba ngati manda athyathyathya n'kumawonjezeredwa. Sneferu, bambo ake a Khufu, anamanga atatu. Ya ku Meidum inali ya masitepe, iye anayesa kuisandutsa yosalala, ndipo chikuto chake chakunja chinagumuka, lero yaima ngati nsanja pakati pa mulu wa zibuma. Ku Dahshur anayamba ina motsetsereka madigiri 54 panthaka yosalimba, miyala ataipendeketsa kuloza mkati. Piramidiyo inayamba kutitimira, makoma amkati n'kung'aluka, mpaka anachirikiza chipinda china ndi mitengo ya mkungudza. Atafika pafupifupi pakati anachepetsa kutsetsereka kufika madigiri 43 n'kuyamba kuyala miyala mopingasa, n'chifukwa chake ndi yopindika. Yachitatu, yofiira, anaimanga pa madigiri 43 kuyambira pansi, ndipo inaima bwino. Khufu anatengera zonsezi, anasankha thanthwe lolimba la ku Giza ndi madigiri pafupifupi 52. Amenewa ndi anthu ophunzira pa zolakwa zawo m'zaka pafupifupi 100.

Chimene chimatiwawa pa mavidiyo amenewa n'chakuti nyimbo yake ndi yakale, ndipo ife a kuno tinaimvapo. Mzungu wina dzina lake Karl Mauch atafika ku Great Zimbabwe mu 1871 ananena kuti ndi ntchito yokhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula n'kusonyeza kuti anamanga ndi anthu a komweko, komabe boma la Rhodesia linapitiriza kukana. Musanatumize vidiyo yotere kwa anzanu, dzifunseni kuti akulanda ntchito ya ndani. Ku Sudan nakonso kuli mapiramidi pafupifupi 200 a mafumu a ku Kush, ku Meroë ndi malo ena, ochuluka kuposa a ku Egypt konse.

FUNSO: Ine ndimagwiritsa ntchito levulo ndi paipi yamadzi, komabe faundeshoni ya nyumba ya zipinda zitatu imandivuta. Iwo anayeza bwanji mamita 230? — Womanga, Garden

YANKHO: Pansi pa piramidi ya Khufu, malo okwera kwambiri ndi otsika kwambiri akusiyana masentimita pafupifupi awiri okha, ndipo mbali zake zikuloza kumpoto, kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo molakwika ndi gawo limodzi mwa magawo 15 a digiri imodzi. Chovuta china n'chakuti pakati anasiyapo chulu cha thanthwe kuti asunge miyala, choncho sakanatha kukoka chingwe kuchokera pakona kufika pakona yopingasa monga mumachitira inu. Anasalaza m'mphepete mokha, n'kuyalapo miyala ya maziko. Levulo yawo inali matabwa atatu okhomedwa ngati chilembo A, ndi chingwe cha pulamu cholendewera pansonga. Chingwe chikagwera pa chizindikiro chapakati, miyendo yonse iwiri ili pamlingo umodzi. Chida choterechi chinapezeka m'manda a mmisiri Sennedjem wa m'nthawi ya pambuyo pake. Kuti thabwa lopindika lisakunamizeni, mumayeza, kutembenuza chidacho, n'kuyezanso, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo m'pamene pali poona. Kumpoto kumapezeka ndi nyenyezi kapena ndi mthunzi wa ndodo yoimikidwa chilili: ikani chizindikiro pansonga ya mthunzi m'mawa, dikirani masana mthunzi utalikenso chimodzimodzi, ndipo mzere wolumikiza zizindikiro ziwirizo ukuloza kum'mawa ndi kumadzulo.

Kutsetsereka sankayeza ndi madigiri. Muyeso wawo unali mkono wa masentimita 52.4, wogawidwa m'zikhatho 7, chikhatho chilichonse zala 4. Pa Khufu, akakwera mkono umodzi ankalowa mkati zikhatho zisanu ndi theka, kapena kuti zala 28 m'mwamba, zala 22 mkati. M'miyeso yathu, mukakwera mita imodzi mumalowa masentimita 78.6. Pansi pake ndi mikono 440, kutalika mikono 280. Mmisiri aliyense akanatha kusunga muyeso umenewu ndi thabwa lodulidwa kale, ndipo kulakwitsa chala chimodzi pa mzere uliwonse kukanapangitsa kuti mbali zinayi zisakumane pansonga.

FUNSO: Ndinamva kuti miyalayo ndi konkire, anaithira m'mabokosi pomwepo monga timaumbira mabuloko. — Woumba mabuloko, Mtendere

YANKHO: Maganizo amenewa anawafalitsa ndi Joseph Davidovits wa ku France, koma akatswiri a miyala ambiri sawavomereza. Inu mukudziwa kuti chikombole chimodzi chimatulutsa mabuloko ofanana. Miyala ya piramidi ndi yosiyanasiyana kukula, ili ndi zipsera za tchizulo, ndipo mkati mwake muli zigoba za tizilombo ta m'nyanja totchedwa nummulites, zathunthu, zofanana ndi za m'thanthwe la m'maenje a pafupi pomwepo. Chimene anasakaniza ndi matope omangira okha, a gypsum wowotcha. Ankawathira m'mipata ya miyala yamkati pamodzi ndi zibenthu, ndipo pa miyala yakunja ankapaka ochepa kwambiri, ali amadzimadzi, kuti mwala uterereke n'kukhala pamalo pake asanaume.